Dzanja likachoka kufiyeta: njira yobwezeretsera mphamvu ndi kubwerera ku masewera olimbitsa thupi

Munthu akamagwa, dzanja limathamangira kutsogolo lokha, osalituma. Ndi mmene ndinathyokera ine. Njinga inaterereka pamatope, ndinaponya dzanja lamanja kuti nditeteze nkhope, thupi lonse n'kutsikira pa mfundo ya dzanja, paja timavala wotchi. Fupa limene limakonda kuthyoka pamenepa ndi la mbali ya chala chachikulu, limene achipatala amalitcha radius. Dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, analongosola kathyokedwe kameneka mu 1814, ndipo mpaka lero mukamva adokotala akutchula dzina lake poyang'ana chithunzi chanu, akunena fupa lomweli litathyoka n'kupendekera kumbuyo kwa dzanja.

Ambiri amangowakoka fupalo n'kuwaika chikhakha. Ena fupa limakhala litasuntha kwambiri kapena litasweka mpaka m'kati mwa mfundo, ndiye amalowa nawo kufiyeta. Kumeneko amacheka mbali ya kuchikhatho n'kumangirira kachitsulo kopyapyala ndi timisomali, kapena amabaya mawaya ogwira fupa, amene amadzazulidwa pakatha masabata 4 mpaka 6. Ndikulembera anthu a gulu limeneli. Ngati opaleshoni yanu inali ya kafupa ka m'mfundo ya dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, kotchedwa scaphoid, masiku anu akhala ochulukirapo, chifukwa magazi amafikako ochepa ndipo kamachedwa kupola. Ngati anakusokani mtsempha woduka, malangizo awa si anu. Opaleshoni imeneyo ili ndi malamulo akeake. Ndipo paliponse pamene mawu anga asemphana ndi a dokotala amene anakuchitani opaleshoni, tsatirani ake. Iye ndiye analiona fupalo ndi maso.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: fupa ndi mfundo zimafuna zinthu zosiyana. Fupa limafuna mtendere. Limatenga masabata pafupifupi 6 kuti ligwirane, ndi pafupifupi 12 kuti lisenze thupi lanu, ndipo palibe khama limene lingalifulumizitse. Koma zala, chigongono ndi phewa zimafuna kuyenda kuyambira tsiku loyamba, chifukwa zikangokhala duu zimauma msanga. Wamantha amafungatira dzanja pachifuwa ngati khanda mpaka liume. Wopupuluma amakanyamula zitsulo fupa likadali lanthete. Onse awiri amachedwa kuchira. Ndiye tiziyenda motsatana chonchi: tichotse kutupa, tibwezeretse kuyenda, kenako mphamvu, ndipo kutsamira pachikhatho kubwere pomaliza penipeni.

Choyamba: musatuluke m'chipatala musanafunse

Tsiku lotuluka mutu umakhala uli pa katundu ndi ndalama yokwerera. Komabe musachoke musanadziwe izi: mwaikidwa kachitsulo kapena mawaya? Ulusi udzachotsedwa liti? Nthawi zambiri ndi pakatha masiku 10 mpaka 14. Chomangira dzanja mudzavula liti, ndipo mukuloledwa kuchivula pochita mafizo? Mudzajambulidwanso liti? Pemphani kuti mayankhowo alembedwe m'buku lanu lachipatala, chifukwa amene mudzam'peze tsiku lobwereranso akhoza kukhala wina. Chithunzi cha X-ray chijambuleni ndi foni.

Funsaninso za mafizo musanachoke. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti ake. Ngati mumakhala kutali moti kupita sabata iliyonse n'kosatheka, yesetsani kupitako ngakhale kawiri: koyamba ulusi utangochotsedwa, kachiwiri pa sabata ya 6. Mupite ndi wachibale kuti ajambule pafoni mmene akukuonetserani. Ntchito yaikulu ya mafizo imachitikira pakhomo, m'manja mwanu momwe. Kuchipatala mumangopita kukaongoledwa.

Chachiwiri: masabata awiri oyamba, nkhondo ndi kutupa

M'mera mpoyamba. Mmene zala zanu zidzakhalire miyezi ikubwerayi zimakonzeka m'masiku amenewa, pamene anthu ambiri amaganiza kuti palibe chochita koma kugona.

Dzanja likhale pamwamba kuposa mtima. Mukakhala pampando, chigongono chitsamire patebulo, zala ziloze kudenga. Pogona, sanjikizani mapilo kapena bulangeti lopinda pambali panu. Nsalu yokolekera mkono m'khosi ndi yoyendera basi, monga pokwera minibasi kapena kumsika kumene anthu angakugundeni. Vuto lake n'lakuti dzanja limalendewera m'munsi mwa mtima, ndipo chigongono ndi phewa zimazolowera kukhala chopinda. Mukafika pakhomo ivuleni. Mphete ndi zibangili zichoke tsiku loyamba lomwelo.

Tsopano zala. Pali maonekedwe asanu oti muziwasinthasintha. Wongolani zala zonse. Kenako pindani mfundo ziwiri zakunsonga zokha, ngati zikhadabo za mphaka, mfundo zazikulu zili chowongoka. Kenako fumbatani chibakera chathunthu. Kenako pindani pa mfundo zazikulu zokha, zala zili chowongoka ngati mlomo wa bakha. Pomaliza, nsonga za zala zikakhudze m'munsi mwa chikhatho. Chilichonse chitani ka 10, ola lililonse kapena maola awiri alionse pamene muli maso. Si masewera a ana ayi. Mitsempha imene imapinda zala imadutsa pamwamba penipeni pa malo amene anachekawo, ndipo ikapanda kutsetsereka imamatirira ku chipsera. Kuyendetsa zala kumapopanso madzi otupitsa dzanja kubwerera nawo m'thupi. Chala chachikulu musachiiwale: chizikhudza nsonga ya chala chilichonse, kuyambira chamkombaphala mpaka chaching'ono. Ngati bandeji ikutchinga mfundo zazikulu za zala moti simungafumbate, kauzeni achipatala akonze.

Katatu kapena kanayi patsiku wongolani ndi kupinda chigongono, kwezani mkono mpaka pamwamba pa mutu, ndipo yesani kufikira kumsana. Akuluakulu ambiri fupa limapola bwinobwino koma n'kutsala ndi phewa louma, ndipo phewa louma limavutitsa miyezi yambiri kuposa fupalo.

Bandeji isanyowe, posamba valani jumbo n'kumanga bwino pamwamba. Mankhwala opha ululu imwani monga anakulemberani, osati kudikira mpaka mutabuula, chifukwa dzanja lowawa simungaliyendetse. Pano ndinene zinthu ziwiri zimene achibale okonda amabwera nazo. China ndi kuthowa ndi madzi otentha: m'masiku oyamba kumangowonjezera kutupa, ndipo khungu limene lachita dzanzi limapsa mwini wake osamva. China ndi kutema mphini kapena kupaka mankhwala a zitsamba pafupi ndi chilonda. Chonde kanani mwaulemu. Tizilombo tikafika pa kachitsulo kali m'katimo, mankhwala amavutika kutithetsa, ndipo nkhani imatha kukathera kufiyeta kachiwiri.

Fodya amachedwetsa kugwirana kwa fupa. Ngati munali kufuna mpata woti musiye, ndi uno. Odwala shuga asamale kwambiri mlingo wake, chifukwa chilonda chimadalira zimenezo. Zakudya sizifuna zapamwamba: usipa ndi matemba amene timadya ndi minga yomwe, nyemba, mazira, mkaka kapena chambiko, ndiwo zamasamba zotendera, ndi kuwothera dzuwa pang'ono tsiku lililonse.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona zala zikuzizira, kutuwa kapena kuderako, dzanzi likukulirakulira, ululu ukukwera osamva mankhwala, bandeji yathina kwambiri, kapena chilonda chikutuluka mafinya, chikununkha, thupi likutentha. Zimenezi sizidikira tsiku limene anakulemberani.

Thupi lonse silinathyoke

Amene munazolowera majowajowa, apa ndi pamene mtima umawawa. Koma miyendo, msana ndi mkono winawo zilibe mlandu. Kuyenda mwandawala mukhoza kuyamba m'masiku oyamba, dzanja mutalikweza pachifuwa kuti lisatupe. Ulusi usanachoke pewani kutuluka thukuta lambiri, lingalowe m'bandeji. Ukachoka, onjezerani kukhala ndi kudzuka pampando osagwirira, kukwera masitepe, ndi kupalasa njinga ya mu jimu yosayenda ija osatsamira pa handulo. Mkono wabwinowo ulimbitseni ndithu. Zimathandiza kuti wovulalawo usataye mphamvu kwambiri, chifukwa ubongo ukamaphunzitsa mbali imodzi inayo imatolako. Chimene muyenera kuopa m'masabata 6 oyamba ndi kugwanso. Choncho mpira, njinga yapamsewu, kuthamanga m'njira zamiyala ndi kuyenda poterera zidikire.

Chachitatu: sabata ya 2 mpaka ya 6, kubwezeretsa kuyenda

Ubwino wa kachitsulo ndi wakuti kamagwira fupa mokwanira kuti mfundo iyambe kuyenda msanga. Madokotala ambiri amalola kuvula chomangira pochita mafizo ulusi ukangochoka. Ena amadikira, makamaka ngati fupa linasweka tizidutswa kapena ngati mwaikidwa mawaya. Musayambe gawo ili musanauzidwe.

Mukavula koyamba, musadabwe. Mkono umakhala utaonda, khungu likusupuka, mfundo ili gwa ngati mtengo. Ine ndinachita mantha nditaona kuti dzanja limene linkanyamula thumba la chimanga silikutha kudzuka lokha patebulo. Ndi mmene zimakhalira kwa aliyense, ndipo zimabwerera.

Chilonda chikatsekeka bwinobwino, viikani dzanja m'madzi ofunda mphindi 10 musanayambe, amafewetsa. Kenako chitani mayendedwe awa, dzanjalo likuyenda ndi mphamvu yake yokha, osalikankha ndi linzake. Gonekani mkono patebulo, dzanja litulukire kunja kwa m'mphepete, chikhatho chiyang'ane pansi. Litsitseni, kenako likwezeni. Pokweza, fumbatani pang'ono chinthu chopepuka ngati bokosi la machesi. Chifukwa chake n'chakuti zala zikakhala chowongoka, minofu yowongola zala ndiyo imagwira ntchitoyo, pamene yokweza mfundo yeniyeniyo ili mtulo. Ambiri amabera pamenepa osadziwa. Mukatero, yalani chikhatho patebulo n'kumapendeketsa dzanja kumbali ya chala chachikulu, kenako ya chaching'ono, mkono osasuntha.

Ndiye pali kutembenuza chikhatho, kumene ndikufuna tichedwepo. Pindani chigongono, chimatirire m'nthiti, n'kutembenuza chikhatho kuyang'ana kumwamba, kenako pansi. Kuyang'ana pansi kumabwerera msanga. Kuyang'ana kumwamba ndiko kumavuta, ndipo ndi kumene timakufuna tsiku ndi tsiku: kusukusula kumaso, kulandira chenji, kunyamula mbale, kulandira chinthu kwa wamkulu ndi manja awiri. Thupi limakonda kubera popendeketsa phewa kapena kusuntha chigongono. Panani nyuzipepala kapena kathaulo m'khwapa. Kakagwa, dziwani kuti latembenuka ndi phewa, osati mkono. Mukafika pomwe pakukanira, imani pomwepo masekondi 5 mpaka 10, mukupuma bwinobwino, kenako bwererani.

Zonsezi chitani ka 10 chilichonse, kanayi kapena kasanu patsiku. Pang'ono koma pafupipafupi kumaposa kulimbana nalo ola lathunthu madzulo. Muzimva kukoka, osati kubaya.

Chipsera nachonso chimafuna ntchito. Nkhanambo zikagwa zonse, pakani Vaseline pang'ono n'kumasisita ndi chala chachikulu cha dzanja linalo, mozungulira ndi mopingasa, mpaka khungu lizisuntha pamwamba pa mnofu. Mphindi 5, katatu patsiku. Ngati pachipsera pakunyerenyetsa moti simufuna kuti chovala chikhudzepo, musapabise. Pazolowezeni: yambani ndi thonje, kenako nsalu yofewa, kenako thaulo lokhakhala.

Pa nthawi yonseyi dzanja lisanyamule choposa kapu ya tiyi. Koma ligwiritseni ntchito zopepuka: kumanga mabatani, kulemba, kusankha nyemba palichero, kutema nsima yofewa. Musalole kuti banja likuchitireni chilichonse. Sabata iliyonse jambulani dzanja ndi foni litapindika mpaka pomwe likufika, pamalo omwewo, mbali yomweyo. Tsiku ndi tsiku simuona kusintha, koma zithunzi zinayi zikandandalikana mumaona, ndipo mtima umakhala pansi.

Chachinayi: sabata ya 6 mpaka ya 12, mphamvu

Chitseko cholowera gawo ili ndi X-ray, osati kalendala. Dokotala akanena kuti fupa lagwirana, zinthu ziwiri zimaloledwa: kukankha mfundo ndi dzanja linalo, ndi kuyamba kulimbitsa.

Pokankha, phatikizani zikhatho pachifuwa ngati mukupemphera, n'kumatsitsa manja pang'onopang'ono zikhatho zisanasiyane. Gwirani masekondi 20 mpaka 30, katatu. Kenako gundanitsani kumbuyo kwa manja, zala zikuloza pansi. Pa kutembenuza kuja, gwirani mkono pamwamba pa mfundo ndi dzanja labwinolo n'kuthandizira, musapotokole zala. Mfundo yabwinobwino imapinda madigiri pakati pa 60 ndi 80 kutsogolo ndi kumbuyo, koma ntchito zambiri zapakhomo zimatheka ndi madigiri 40 okha mbali iliyonse. Ndiye ngakhale musanafanane ndi dzanja linalo, musataye mtima.

Polimbitsa, zipangizo muli nazo kale. Yambani ndi kukankha kosasuntha: dzanja lovulala likankhe labwinolo kumwamba, pansi ndi m'mbali, masekondi 5, popanda choyenda. Kenako finyani chinkhupule m'beseni la madzi ofunda. Chikayamba kupepuka, pitani ku dongo loumbira mbiya: lifinyeni, litsineni ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, likulungeni patebulo. Mapegi oyanikira zovala amalimbitsa kutsina. Ndowa ya mpunga kapena mchenga wouma ndi yabwino zedi: lowetsani dzanja, tambasulani zala, fumbatani, zungulizani.

Pa zolemera, madzi ndiwo sikelo yanu, chifukwa lita imodzi imalemera kilo imodzi. Botolo la 500 ml ndi theka la kilo, yambirani pamenepo. Mkono patebulo monga kale, kwezani ndi kutsitsa botolo chikhatho chikuyang'ana pansi, kenako kumwamba, kenako chala chachikulu chili pamwamba. Potsitsa muzichedwa, kuwerenga mpaka 3. Chitani ka 10, pumani, mubwereze mpaka maulendo atatu. Zikakhala zosavuta masiku angapo otsatizana, pitani pa lita imodzi, kenako malita awiri. Pa kutembenuza gwiritsani hamala: igwireni pafupi ndi mutu wake, chigongono m'nthiti, n'kumaigwetsera uku ndi uku mosathamanga. Mukamalimba, muzigwira motsikira kumpini. Hamala yomweyo imalemera yokha. Mphira wodula ku chubu chakale cha njinga umagwira ntchito yofanana ndi malamba ogula kusitolo.

Zolimbitsa muzichita tsiku limodzi n'kupumitsa lotsatira, pamene zofewetsa zija zikupitirira tsiku lililonse. Nanga mudziwa bwanji kuti mwapyola muyezo? Ine ndimati funsani m'mawa. Kuwawa pang'ono pochita, kumene kumatha pakapita ola limodzi kapena awiri, n'kololedwa. Koma mukadzuka mawa lake dzanja litatupa kuposa dzulo, litauma kuposa dzulo, kapena usiku linakudzutsani, ndiye kuti dzulo munawonjeza. Pumani tsiku limodzi kapena awiri, mubwerere pa muyezo umene unali bwino. Ndipo posintha, sinthani chinthu chimodzi: mwina kulemera, mwina kuchuluka kwa maulendo, osati zonse tsiku limodzi. Mukasintha zitatu dzanja n'kutupa, simudziwa cholakwa n'chiti.

Chachisanu: kutsamira pachikhatho ndi kubwerera ku zitsulo

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Pa sabata ya 8 ndinkamva bwino, botolo la malita awiri linali litapepuka, ndiye ndinagwada pansi kuyesa ma push-up. Ndinachita atatu okha. Dzanja linatupa sabata yathunthu, ndipo kupinda kumene ndinakuvutikira kunabwerera m'mbuyo. Kunyamula chinthu ndi kutsamira pa dzanja ndi ntchito ziwiri zosiyana. Push-up imafuna kuti mfundo ipindikire kumbuyo pafupifupi madigiri 90, uku itasenza gawo lalikulu la thupi, ndipo kulemerako kumadutsa pomwe panathyoka penipeni. N'chifukwa chake imabwera pomaliza, nthawi zambiri kuyambira sabata ya 12, dokotala atavomera.

Kwerani makwerero ake motere. Yambani ndi khoma: imani pafupi, zikhatho pakhoma, kankhani. Mukatha ka 15 maulendo atatu, m'mawa mwake dzanja lili phee, sendezani mapazi kutali ndi khoma. Kenako tebulo lolimba, kenako mpando kapena khonde, kenako pansi mutagwada, ndipo pomaliza pansi miyendo yowongoka. Pa sitepe iliyonse khalanipo sabata imodzi kapena iwiri. Ngati chikukanika ndi kupinda osati mphamvu, tsamirani pa zibakera mutayala thaulo, kapena gwirani ma dumbbell awiri ali pansi, zitsulo zazifupi zija zonyamula ndi dzanja limodzi, kuti mfundo ikhale chowongoka. Yang'ananinso ngati simukuthawira kumbali yabwinoyo. Wina akuoneni kuchokera kutsogolo.

Mu jimu, yambani ndi zokoka musanafike pa zokankha, ndipo ma dumbbell abwere chisanafike chitsulo chachitali. Dumbbell imalola dzanja kupeza kagwiridwe kake, chala chachikulu chili pamwamba, pamene chitsulo chachitali chimakakamiza manja onse kupendekera mofanana, ndipo dzanja lamphamvu limabisa ulesi wa linzake. Yambirani pansi kwambiri, osaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munkanyamula kale, ndipo dzanja lofookalo ndilo lizilamula kuchuluka kwa maulendo. Mfundo ikhale chowongoka, isagonekere kumbuyo. Bench press (kukankha chitsulo mutagona chagada), kunyamula pamwamba pa mutu ndi kulendewera pachitsulo zidikire mpaka mutatsimikiza kuti dzanja silingataye. Chitsulo chopulumuka pamwamba pa nkhope si nkhani yaing'ono. Lamba womanga pamfundo angathandize pa zolemera kwambiri miyezi yoyamba, koma musamuvale pa chilichonse, minofu ingazolowere kugwiriridwa ntchito.

Anyamata amene mumakwezera zitsulo zapakhomo, zija zoumba ndi simenti m'zitini kapena zochokera ku magalimoto akale, vuto lanu n'lakuti zilibe zapakati: chopepuka chimakhala cholemera kale. Musachite manyazi kubwera ndi zigubu zanu. Chigubu cha malita 5 mukhoza kuchithira madzi mpaka pomwe mukufuna, n'kumawonjezera kapu imodzi imodzi. Anzanu akanena kuti mwamuna salira, asiyeni anene. Dzanjalo ndi lanu.

Chigubu chomwecho chikhale choyezera. Chinyamuleni chodzaza, mkono uli m'mbali, muwerenge masekondi mpaka zala zitayamba kumasuka, kenako yesani dzanja linalo. A mafizo ali ndi kachipangizo kofinya koyezera bwino kuposa apa. Musanabwerere ku masewera ogundana kapena ntchito yolemetsa, dzanja lovulala lifike magawo 8 mwa 10 a mphamvu ya linzake. Kumbukirani kuti dzanja limene mumadyera limakhala lamphamvupo mwachibadwa, ndiye ngati lovulala ndi limenelo, muyezo wake ukwererepo.

Chachisanu ndi chimodzi: mpira, njinga, khasu ndi ndowa

Mphamvu yokha sikwanira. Mfundo imene yakhala yomangidwa imaiwala kudziwa pomwe ili ndi kuyankha msanga. Iphunzitseninso: gubuduzani mpira patebulo ndi chikhatho, ikani ndimu m'mbale n'kumaizunguliza osaigwetsa, ponyerani kampira pakhoma n'kuwakha, poyamba ndi manja awiri, kenako limodzi.

Osewera mpira wamanja ayambe ndi kupatsirana chapafupi, kenako chapatali, kenako kuphunzira ndi timu popanda kulimbirana, masewero enieni pambuyo. Magoloboyi ndi ankhonya achedwe kuposa onse, chifukwa mpira wothamanga kapena chibakera zimagunda mfundo mwadzidzidzi. Miyezi 4 mpaka 6 si yochuluka kwa iwo. Othamanga akhoza kubwerera msanga fupa likangogwirana, bola njira ikhale yosalala. Panjinga, funso ndi limodzi: kodi mungafinye buleki mwamphamvu, mwadzidzidzi, osazengereza? Ngati ayi, musakwere. Yambani pamsewu wosalala musanapite wa mabampu, ndipo a kabaza ayambe kuyenda okha asananyamule munthu kapena katundu.

Ntchito zapakhomo tiziziwerengera ngati masewera olemetsa, chifukwa ndi mmene zilili. Ndowa ya malita 20 ndi makilo 20, ndipo poitukula kuti musenze, mfundo imapindikira kumbuyo ngati pa push-up. Yambani ndi theka, wina akutwikeni ndi kukutulani. Kufinya bulangeti lonyowa ndi kuvundula nsima ya banja lalikulu kumapotokola mkono mwamphamvu. Zimenezi zibwere pambuyo pa hamala ija. Khasu, nkhwangwa, munsi ndi mjigo zimatumiza kugunda m'fupa nthawi iliyonse. Ngati mwachitidwa opaleshoni mu Ogasiti kapena Seputembala, vomerezani msanga kuti mizere ya chaka chino akuungirani ena, achibale kapena aganyu. Mukadzayamba, limani mphindi 15 panthaka yofewa, n'kudikira yankho la m'mawa.

Zimene zimabwera mochedwa

Pali mavuto ena amene amatulukira munthu ataiwalako za opaleshoni. Chala chachikulu chikasiya mwadzidzidzi kudzuka, kapena nsonga yake ikaleka kupinda, mwina mtsempha waduka pokhulana ndi fupa kapena kachitsulo, pitani msanga. Kumva kukhula kapena kuwawa pamfundo popinda chala chachikulu ndi chenjezo loti musalinyalanyaze. Dzanzi m'chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku, limasonyeza kuti mtsempha wa pakati pa dzanja wapanikizika. Ndipo ngati dzanja likuwotcha ngati moto, likusintha mtundu, likutuluka thukuta lokha, likuwawa ngakhale mphepo ikaliwomba, pali matenda otchedwa CRPS amene amamva chithandizo bwino akapezeka msanga. Paja zengerezu adalinda kwaukwau.

Zina n'zosaopsa ngakhale zimatopetsa. Kuwawa mbali ya chala chaching'ono potembenuza mkono kumatha kukhala miyezi ingapo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ambiri amamva kuphwanya pamalopo. Mphamvu ndi kupinda zimapitirira kuwonjezeka mpaka chaka chathunthu, ndiye musasiye mafizo pa mwezi wachitatu poganiza kuti pomwe mwafikapo ndi pomaliza. Kachitsulo nthawi zambiri kamakhala momwemo moyo wonse. Amakachotsa pokhapokha kakamavutitsa mitsempha.

Ngati amene wathyoka ndi mayi kapena bambo wopitirira zaka 50, ndipo anangogwa ali chiimire, pakhomo kapena kubafa, funsani adokotala za kufooka kwa mafupa. Kwa amayi amene anasiya kusamba, kuthyoka kwa dzanja kumatha kukhala chizindikiro choyamba cha kufookako, ndipo chimene tikuopa kutsogolo ndi fupa la m'chiuno. Pa mafizo awo onjezeranipo kudzuka pampando osagwirira ndi kuima ndi mwendo umodzi atayandikira khoma. Kenako zungulirani pakhomopo: ndere za kubafa zikwechedwe, mkeka wopindika m'mphepete uchoke panjira, sitepe yogumuka ikonzedwe, ndipo tochi izikhala pafupi ndi pogona.